Chimene Chimatsala M'madzi

Ine ndinali mkamwini. Ndiyambe ndi mawu amenewa, chifukwa munthu amene sanakhalepo pachikamwini adzangoti ndinali chitsiru. Uchitsiru ndinali nawo ndithu, sindikukana, koma unali ndi pamene unamera.

Kwathu ndi ku Malengachanzi, koma ndinakakwatira kufupi ndi pamene mtsinje wa Bua umathira m'nyanja. Nyumba ndinamanga ndine, koma dothi linali lakwawo kwa mkazi wanga Nambewe. Dimba ndinkalima ndine, koma anthu polichula ankati dimba la Nambewe. Mlongo wake, alamu anga a Yohane, anali mkulu wa mpingo kutchalitchi kwathu kwa Angilikani, munthu wovala jekete ngakhale mu Okutobala. Sanandinyozepo poyera ayi. Ankangoti, "Alamu, mwadzuka bwanji?" kenaka n'kuyang'ana denga langa lodontha nthawi yaitali kuposa moni weniweniwo.

Mwana tinali naye mmodzi, Agnesi. Ena awiri sanakhalitse.

Ndinachoka m'zaka zija zipani zitangochuluka. Pakamwa pa anthu panamasuka, aliyense ankatukwana amene wafuna, koma ukonde wanga unali wong'ambikabe ndipo nsomba zinkachepa chaka ndi chaka. Chokoma chimene ndinachiona ndi maso chinali chimodzi: sukulu inakhala yaulere, Agnesi n'kuyamba kupita ndi kope lodula pakati. Nthawi yomweyo mnzanga Sayidi wa ku boma, amene tinkakumana naye padoko, anandiuza kuti ku Kariba, m'dziko la Zimbabwe, akufuna anthu odziwa madzi.

M'mawa umene ndinkanyamuka, Agnesi anandigwira thalauza pamsewu.

"Ababa, mudzandilembere kalata yangayanga."

"Uyambe wadziwa kuwerenga, iwe. Pano ukudziwa a ndi e basi, ndikulembere chiyani? Aeee?"

Anaseka mpaka kugwetsa kope. Nambewe sanaseke. Anandipatsa mtedza wokazinga m'kansalu, n'kunena kuti, "Muzilemba, bambo a Agnesi."

Nkhani ya kulembayi ndiifotokoze bwino. Nambewe sanapondeko m'kalasi. Makalata a m'mudzi mwathu ankafikira kutchalitchi, ndipo wokatenga anali a Yohane. Iwo ndiwo ankatsegula, n'kukhala pakhonde, n'kuwerenga mokweza ndi mawu awo a paguwa aja. Wodutsa aliyense ankaima. Yankho ankalembanso ndi iwo. Choncho kalata yopita kwa mkazi wanga inali kalata yopita kumudzi wonse, ndipo pa zaka zonsezo sindinalembepo ngakhale kamodzi kuti ndamusowa.

Za ulendo ndikumbukira kutentha kwa ku Tete ndi mapazi otupa. Za Kariba ndikumbukira kudabwa. Inali nyanja yopangidwa ndi anthu, mitengo youma itaimirira m'madzi momwemo. Ine ndi Sayidi tinaiyang'ana n'kuseka, ife ana a nyanja yeniyeni. Tinkagona m'komboni ya malata, anthu asanu ndi mmodzi m'chipinda, kutentha kwake koti thukuta limayamba usanadzuke. Njovu zinkabwera kudzafwanthula kudzala ngati mbuzi. Eni dziko ankatitcha anthu a ku Blantyre, chonsecho ine Blantyre ndinangomuonera pawindo la basi.

Ntchito yake inali yoweta nsomba. Pakati pa madzi panali makhola a ukonde, oyandama pa migolo, ndipo m'khola lililonse munali nsomba zonga chambo, zothithikana. Ife tinkasenza matumba a chakudya chake, timibulu tonunkha ngati usipa wouma, n'kumawaza ndi mbale. Madzi ankawira. Ine amene ndinakula ndikuthamangitsa nsomba ndi nkhafi mpaka mapewa kuwawa, ndinaona nsomba zikundithamangira ine.

"Wallahi, achimwene," anatero Sayidi tsiku loyamba, "nsomba izi zikudya katatu, ife kawiri. Tinalakwitsa pobadwa."

Sayidi ndiye anandisunga kumeneko. Malungo atandigwetsa, anandisenzera matumba anga sabata yathunthu kuti kapitawo asandichotse. Iye akamaswali ndinkamulondera nsapato, chifukwa m'komboni nsapato zinkamera miyendo. Lamlungu ankandidzutsa yekha kuti ndisachedwe kutchalitchi, amvekere, "Pitani mukatipempherereko mbali yanuyo, mwina ndiko kuli pafupi."

Patatha miyezi ndinalemba kalata imene ndinkaiona ngati yanzeru kuposa zonse. Ndinauza Nambewe kuti ndalama imene ndatumiza alembere anyamata akumbe damu m'dimba mwathu, kumtunda kwa chitsime. Apeze ana a nsomba za makumba aikemo. Azithira madeya a mpunga, zitosi za nkhuku, ndowe, chilichonse. Ndinalemba ndi kudinda cholembera: nsomba ikadya imakula, osaumira. Ndinkadziwa kuti awerenga ndi a Yohane, ndiye ndinaikamo ndi mawu awiri a Chingerezi kuti awatsamwe.

Damu linakumbidwa. Makumba anakula. Makalata ochokera kumudzi anayamba kutalika. Ankati Agnesi ndiye mwini damu, amathira madeya asanapite kusukulu ndipo nsomba zimamudziwa mapazi. Ankati madzi asanduka obiriwira bwino. Ine kuwerenga zimenezo ndinkayenda ngati kapitawo.

M'chaka chachitatu kunabwera mayi wina wotumidwa ndi a boma oyang'anira madzi. Dzina lake anali Mayi Moyo, wamfupi, wa chipewa chachikulu, wosaseka wamba. Mayi ake anali ochokera ku Dedza, ndiye Chichewa ankachiyankhula, chopindikapindika koma chomveka. Ankafuna munthu wopalasa bwato mwakachetechete, wodziwanso kuwerenga sikelo ndi kulemba manambala ooneka. Kapitawo analoza ine. Aphunzitsi a ku mishoni amene ankatimenya zala chifukwa cha zilembo zokhota anandipezetsa ntchito yopepuka patapita zaka makumi awiri.

Ntchito ya mayiyu poyamba ndinkaiona ngati masewera. Thumba lililonse la chakudya lisanapite kukhola, tiyeze, tilembe. Nsomba zikakololedwa, tiyeze, tilembe. Zakufa zoyandama, tiwole, tiyeze, tilembe. Pansi pa makhola tinkamangirira mabotolo otsegula kukamwa, n'kuwasiya masiku angapo. Powakoka ankatuluka ndi matope akuda onunkha ngati dzira lovunda, ndipo iye ankawanyamula mosamala ngati mafuta ophikira. Ankatunganso madzi m'timabotolo, ena pafupi ndi makhola, ena kutali, kukawayeza ku tauni. Chimene chinkandiseketsa kwambiri chinali mbale yoyera yomangidwa kuchingwe cha mfundomfundo. Ankaimiza pang'onopang'ono mpaka isaonekenso, n'kuwerenga mfundo zimene zalowa. Kutali ndi makhola mbale inkapita pansi ndithu tikuionabe. Pafupi ndi makhola inkasowa msanga.

Tsiku lina masana, tili m'bwato, ndinalephera kupirira.

"Mayi, pepani, kodi zonsezi n'zachiyani? Nsomba zikukula, azungu eni makholawa akukondwa. Mukufuna chiyani m'matope?"

Anatapa timibulu todzaza dzanja n'kutithira pathabwa la bwato. Anatigawa milu iwiri, wina waung'ono, wina waukulu.

"Bambo, chakudya mwathira ndi ichi chonse. Mwayeza nokha. Nsomba mwakolola, mwayezanso nokha. Chimene chasanduka mnofu wa nsomba ndi ichi." Analoza kamulu kakang'ono. "Nanga ichi chapita kuti?"

"Zadya."

"Zadya, zanyera. China sizinadye n'komwe, chamira. China chatuluka m'thupi mwawo ngati mkodzo, simungachione. Sichinasowe ayi. Chili m'madzi. Ntchito yanga ndi yomweyi: cholowa, kuchotsapo chotuluka, chotsala ndi cha madzi. Ndikadziwa chotsalacho, ndiuza akuluakulu kuti pano makhola akwana, musaonjezere, kapena asunthireni kwakuya."

"Koma nyanja ndi yaikulu, mayi. Kwathu timati madzi amatsuka zonse."

"Chotsalachi ndi feteleza, bambo. Feteleza m'munda amameretsa chimanga. M'madzi amameretsa ndere. Ndere zikachuluka madzi amabiriwira, mpweya umatha, pansi pamaola. Kuno kukutithandiza ndi kuya ndi mphepo, ndiponso tikuyeza. Koma madzi aang'ono, osayenda, sakhululuka."

Ndinasiya kupalasa. Ndinamuuza za damu lathu, monyadira pang'ono poyamba. Anandifunsa zimene timathiramo. Nditatchula zitosi ndi ndowe anakweza chipewa n'kundiyang'ana.

"Zochuluka bwanji?"

"Ndinawauza kuti asaumire."

"Madzi akumwa mumatunga kuti?"

Chitsime chathu chinali chosaya, chokumba ndi khasu, m'munsi mwa dimba lomwelo. Ngalande yochokera kudimba inkadutsa m'mphepete mwake, pafupi moti mwana akhoza kuponda mwendo wina m'ngalande wina pachitsime. Ngalandeyo ndinaikumba ndine, chaka chimene ndinakwatira.

"Lembani kalata lero," anatero Mayi Moyo. "Achepetse kuthira. Ndowe zaziwisi asiye. Ndipo madzi a m'damu asadutse kuchitsime ngakhale tsiku limodzi, chifukwa ndowe sizibwera ndi feteleza yekha, zimabwera ndi matenda. Akumbe ngalande ina yopita kumunda wa mpunga. Mpunga udzakondwa nawo. Mwana wanu sadzakondwa nawo."

Ndinalemba tsiku lomwelo, nditakhala pa thumba lopanda kanthu kuseri kwa nyumba yosungira chakudya. Inali nyengo ya mwera kwathu, mwezi wa Juni. Ndinalemba zonse, mosabisa. Ndinayamba ndi kunena kuti ndinawasokeretsa. Mtima utafewa choncho, ndinalembanso zimene ndinali ndisanalembepo, kuti ndawasowa, Nambewe ndi mwana. Ndinamata envelopu, ndinamata sitampa, n'kuika m'thumba la jekete kuti Loweruka ndikaponye.

Lachisanu kunafika kalata yochokera kumudzi.

A Yohane analemba masamba atatu. Sanalembe ngati mlembi wa Nambewe, analemba ngati iwo eni. Anati nawonso akumba damu lawo, ndi mabanja ena awiri. Anati pa msonkhano wa mpingo anaimirira n'kuwerenga kalata yanga ija ya "osaumira" kuti achinyamata amve mmene munthu wopita kunja amaganizira kwawo. Anati denga langa afolera ndi manja awo. Pomaliza analemba kuti, "Mudzi uno unapeza mwamuna pamene unapeza inu, alamu."

Zaka khumi ndi ziwiri ndinadikira mawu amenewo. Ndinawerenga kanayi. Kenaka ndinagwira thumba la jekete, n'kuona m'maganizo a Yohane atakhala pakhonde, anthu ataima, iwo akuwerenga ndi mawu a paguwa kuti, "Ndinakusokeretsani." Ndinamva kuseka kwa akazi a kumpanda. Ndinaona maso aja akubwerera kudenga.

Loweruka sindinapite ku positi.

Sayidi anadziwa, chifukwa m'chipinda cha anthu asanu ndi mmodzi simubisika kanthu.

"Achimwene, kalata ija ikadali m'jekete?"

"Ndikanena ndi pakamwa pa Khirisimasi. Zinthu zotere zimafuna kufotokoza bwino."

"Khirisimasi ili kutali. Mvula iyamba isanafike."

"Iwe sukudziwa za chikamwini. Mkazi wako unamutengera kwanu."

"Zoona, sindikudziwa. Koma ndikudziwa kuti amene akumwa madziwo si alamu anu okha." Anatambasula dzanja. "Bweretsani, ndikaponye ine. Inu mudzangoti Sayidi anaba."

Ndinamukankha dzanja. Ndinamuuza mawu oipa okhudza chipembedzo chake, mawu amene sindingawabwereze, kwa munthu amene anandisenzera matumba ndili ndi malungo. Iye anatenga mkeka wake woswalira n'kutuluka, ndipo tinatha sabata ziwiri osayankhulana.

Komabe mtima sunandipatse mtendere, ndiye ndinachita chinthu chimene ndinkachiyesa chapakati. Ndinalemba kalata ina, yaifupi, yoti a Yohane akhoza kuiwerenga ine osachita manyazi. Ndinati kuno taphunzira njira yatsopano: madzi akabiriwira kwambiri, muziwatulutsako ndi kulowetsa ena. Sindinanene kuti achepetse ndowe. Sindinanene kuti madziwo apite kuti. Ndinadziuza kuti anthu ali ndi maso, aona okha. Koma ngalande inalipo imodzi yokha, ndipo ndinkadziwa kumene imadutsa kuposa munthu wina aliyense padziko.

Iyo ndiyo ndinaponya.

Mayi Moyo anandifunsa kamodzi ngati ndinalemba. Ndinati eya. Anagwedeza mutu n'kupitiriza kuwerenga mfundo za chingwe chake. Anamaliza ntchito yake, makhola awiri anasunthidwira kwakuya, ndipo anapita osadziwa kuti wopalasa wake anali wabodza.

Uthenga unafika kumayambiriro kwa Disembala, dzuwa lili pamutu. Ndinali pakhola ndikuwaza chakudya pamene boti la kapitawo linabwera molunjika kwa ine. Kapitawoyo anali munthu wokalipa, koma tsiku limenelo anavula chipewa. Anati kuofesi kwabwera lamya kuchokera ku Nkhotakota. Anati mwana.

Sindikumbukira kuti mbale yowazira ndinaisiya pati. Ndikumbukira Sayidi akundimangira katundu, ine nditangokhala. Anandiperekeza mpaka pa basi, n'kunena mawu a Chiarabu aja amene anzathu amanena pa maliro. Za kalata sanatchule. Anandigwira mutu ndi manja awiri ngati mwana, ndipo ine ndinalira pamaso pa anthu a dziko la eni. Sindinamuonenso kuchokera tsiku limenelo, ndipo kupepesa kwanga sanakumve.

Ndinafika ataika kale. Anandionetsa mulu wa dothi lofiira ndi mtanda wa matabwa.

Nkhani anandifotokozera ndi a Yohane, atandigwira dzanja. Mu Novembala kunatentha kwambiri, madzi a m'damu anachita kulemera ndi kubiriwira, nsomba zinayamba kuyasamula pamwamba m'mamawa. Anakumbukira malangizo anga, n'kutsegula madamu onse. Kenaka mvula yoyamba inagwa yamphamvu, ngalande inasefukira. Patangopita masiku, nyumba zisanu zinagwidwa ndi kutsegula m'mimba. Akuluakulu anachira. Ana ena anachira. Agnesi anamunyamula panjinga kupita naye kuchipatala, koma anathera panjira, pamsana pa amayi ake.

"Ndi matenda a mvula, alamu," anatero a Yohane. "Chaka chino avuta m'midzi yambiri. Musadziimbe mlandu kuti munali kutali. Inu munachita mbali yanu, munatisamala muli kunja."

Ena ankanong'ona za ufiti, ati anthu anachita nsanje ndi damu. Palibe ndi mmodzi yemwe amene analoza ine. Amayi a mpingo ankandibweretsera madzi osamba. Ndinali mwamuna wolemekezeka m'mudzi, monga ndinkafunira.

Tsiku lachitatu m'mawa ndinatenga mbale yoyera ya m'nyumba, ndinaiboola, ndinamanga chingwe, n'kupita kudimba ndekha. Ndinaimiza m'damu. Inasowa chikhatho changa chisananyowe n'komwe. Ndinatsika kuchitsime, chimene anthu anali atachisiya. M'mphepete mwake munali ndere zouma, mzere wobiriwira wosonyeza pamene madzi a m'ngalande anafika n'kulowa.

Kunena zoona, palibe anayeza madzi amenewo m'botolo. Mwina matenda anabwera ndi ntchentche, mwina ndi mlendo. Ndayesa kudziuza zimenezo zaka zonsezi. Koma ine ndinaphunzitsidwa kuwerengera, ndipo ndinaphunzira bwino. Ndikudziwa zimene zinalowa m'damu muja, chifukwa ndinalamula ndine. Ndikudziwa zimene zinatuluka. Ndikudziwa kumene chotsala chinapita.

Ndinaganiza zokhala chete mpaka kufa. Ndikanathadi.

Nambewe anali asanayankhule nane mawu opitirira moni. Anali ataonda, maso atalowa, akuyenda ngati wasenza mtsuko wodzaza. Patatha sabata anatulutsa zovala zanga za ku Kariba kuti akachape. Ine ndinali pakhonde ndikusoka ukonde wakale, pofuna kuti manja akhale ndi chochita. Ndinamva akukutumula jekete, kenaka zii.

Anatuluka ndi envelopu m'manja. Inali itapindika, itadetsedwa ndi thukuta, sitampa ili pomwepo. Chifukwa chimene sindinaitayire sindichidziwa mpaka lero.

Ndinadzilimbitsa mtima. Ndinati m'mtima, sadziwa kuwerenga, ndinena kuti ndi pepala la kuntchito.

"Ili ndi dzina langa," anatero.

Anakhala pansi, pamkeka, miyendo atatambasula. Anang'amba envelopu mosamala ndi chikhadabo. Anaika chala pansi pa mzere woyamba.

"O-ko-nde-dwa ma-yi a A-gi-ne-si." Anaima pa dzinalo. "Ndi-na-ku-so-ke-re-tsa-ni."

Singano inagwa m'manja mwanga.

"Mwaphunzira liti?"

Sanadzutse mutu. "Agnesi. Akaweruka kusukulu ankandilembera pamchenga kuseri kwa nyumba. Ndikalakwitsa ankandimenya chala ndi kaudzu, ati ndi mmene amachitira aphunzitsi."

"Nanga a Yohane?"

"Makalata anu atatu omaliza achimwene ankangondipatsira osatsegula. Ndinawauza kuti ndizimva ndekha za mwamuna wanga. Ija ya kutulutsa madzi ndinawerenga ine, ndine ndinakawauza." Anapuma. "Kulemba ndiye kunkandivutabe, n'chifukwa chake mayankho ankalemba ndi iwo."

"Bwanji simunandiuze?"

"Mwana anakana. Anati tidzawadabwitse ababa pa Khirisimasi. Anati mudzabwera, ine ndidzatenga Baibulo n'kuwerenga, inu mudzagwa pampando."

Anabwezera chala papepala. Ndinafuna kumulanda, ndinafuna kuthawa, koma ndinakhala pomwepo. Anawerenga yonse. Zinamutengera nthawi yaitali, liwu ndi liwu, ndipo ine ndinamva mawu anga onse akutuluka m'kamwa mwake pang'onopang'ono. Muchepetse madeya. Ndowe musiye. Madzi a m'damu asadutse kuchitsime ngakhale tsiku limodzi. Mukumbe ngalande ina yopita kumpunga. Mwana asamwe madzi amenewo. Anafika pomaliza, pamene ndinalemba kuti ndawasowa, ndipo anawerenganso pamenepo ndi liwu lomwelo, osasintha.

Kenaka chala chinakwera pamwamba pa pepala, pakona.

"Ju-ni," anawerenga. Anawerenga miyezi pa zala zake, milomo ikuyenda. "Ife madzi tinatsegula mu Novembala."

"Nambewe..."

"Inalembedwa. Sitampa munamata."

"Ndinkaopa," ndinatero. "Ndinkaopa kuti alamu awerenga pakhonde, anthu andiseka. Anali atangoyamba kundiyesa munthu."

Anandiyang'ana koyamba chibwerereni. Sanakuwe. Ndikanakonda akanakuwa, akanandigenda ndi mbale, akanaitana mudzi wonse. Anangondiyang'ana ngati akuyesa kukumbukira kumene anandionapo.

"Panalibe woti akusekeni, bambo a Agnesi," anatero. "Ndikanawerenga ndekha."

Anapinda kalata, anaimanga pa mfundo ya chitenje, n'kunyamula zovala zanga kupita nazo kumtsinje. Anazichapa zonse, n'kuziyanika.

Sanauze munthu. A Yohane anamwalira akunditchabe mlamu wanzeru, ndipo ulemu umenewo ndinausenza ngati thumba lonyowa mpaka kumanda kwawo. Damu lathu ndinalikwirira ndekha ndi khasu. Kwa eni madamu enawo ndinapita khomo ndi khomo, ndi mbale yanga yoboola ndi milu iwiri ya madeya, kuwaonetsa chimene chimatsala m'madzi. Anakumba ngalande zopita kumpunga, ndipo mpunga unabereka. Ankandithokoza, ine n'kumayang'ana pansi.

Nambewe sanandithamangitse, ngakhale dothi ndi lakwawo ndipo akanatha. Tikukhalabe nyumba yomweyo. Amandiphikira, ndikadwala amandisamala, timapita limodzi kutchalitchi. Mwana wina sitinakhale naye. Kalata ija sanandibwezere, ndipo sindinaipemphe.

Chaka chilichonse mvula yoyamba ikagwa, amatenga mkeka n'kukakhala kuseri kwa nyumba, pamchenga paja. Ine ndimakhala pakhonde, khoma lili pakati pathu, ndipo ndimamva pepala likufunyululidwa. Masiku ano amaiwerenga yonse osadodoma.